Maso ofiira a achimwene ku Joni

Usiku wa Lamulungu pa 24 September 2023, foni yanga inalira ngati ya munthu wangongole. Ndinali ku Johannesburg, m'kachipinda ka achimwene anga, mapazi akuwawa chifukwa choyenda tsiku lonse. Nditatsegula WhatsApp ndinapeza kuti gulu la banja lathu latentha. Pamwamba penipeni panali uthenga wamawu wa azakhali, amene kwathu ku Mzimba timati ankhazi. Mawu awo anali onjenjemera: "Kasi ni vichi ivi? Mwana withu wanjira vya usatana!" Ngakhale wosamva Chitumbuka apa wamva.

Wolakwa ndinali ine. Masana a tsikulo ndinaika pa status chithunzi cha achimwene atavala mkanjo wakuda wa mitambo yofiira, kachitsulo pamphumi, maso ali psuu ngati makala a moto. Ine ndinkaona kuti atchena. Sindinaganize kuti chithunzicho chikafika kumudzi kwathu kufupi ndi Embangweni, pafoni ya msuweni wanga amene amaonetsa aliyense chilichonse, chikaoneka bwanji m'maso mwa amama.

Nkhaniyi ndakhala nayo nthawi yaitali osailemba. Lero ndaona kuti ndiikambe, chifukwa si ya banja lathu lokha.

Joni wa anthu a ku Mzimba

Aliyense wokulira ku Mzimba amadziwa kuti Joni ali ngati mudzi woyandikana nawo. Mukayenda kuchokera pa Jenda kulowera ku Embangweni mpaka ku Edingeni, nyumba zambiri zamalata zomwe mukuziona zili ndi mwini wake amene ali kutali. Agogo athu ankapita kumigodi pa Wenela ndi Theba. Ana awo ndi zidzukulu akupitabe, kungoti masiku ano ntchito zake ndi za m'minda yamaluwa, m'nyumba za anthu, m'mashopu ndi m'malesitilanti.

Achimwene anga, kapena ndinene kuti adumbu anga monga timaitanirana kwathu, ananyamuka adada atangomwalira. Anasiyira sukulu Fomu 3. Anayamba ndi kutsuka mbale, pano ndi wophika. Fizi yanga ya kusekondale ndi ya kuyunivesite inachokera m'khitchini imeneyo. Feteleza wa amama chaka chilichonse amachokera komweko. Nditamaliza maphunziro anandiuza kuti, "Mudumbu wane, bwera udzaone kumene digiri yako inaphikidwa." Ndinakwera basi, kudzera pa Dedza, Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge, masiku awiri msana uli pampando.

Ndinkayembekeza kuti akandionetsa mamolo akuluakulu. M'malo mwake anatulutsa matikiti awiri pafoni, nkhope ili mwee ngati mwana. Anali a Comic Con Africa.

Kodi kumachitika zotani kumeneko?

Comic Con ndi msonkhano wa anthu okonda nkhani zojambula, makatuni a ku Japan omwe amatchedwa anime, mafilimu ndi magemu apakanema. Wotchuka kwambiri ndi wa ku San Diego ku America, womwe unayamba mu 1970. Ku Japan kuli wina wotchedwa Comiket, womwe unayamba mu 1975 ku Tokyo, kumene anthu wamba amagulitsa timabuku tojambula okha. Wa ku Johannesburg unayamba mu 2018 ku Kyalami, ndipo chaka chimene ndinapitako unachitikira ku Johannesburg Expo Centre ku Nasrec, pafupi ndi bwalo la FNB pomwe panaseweredwa ndime yomaliza ya World Cup ya 2010.

Tsikulo linakumana ndi Heritage Day, tsiku lomwe anthu a ku South Africa amakumbukira zikhalidwe zawo. M'minibasi yomwe tinakwera munali mayi wina wa mikanda yachizulu thupi lonse, pambali pake mnyamata wa wigi yachikasu atavala ngati Naruto. Palibe ankadabwa mnzake.

Titalowa m'kati mutu unandizungulira. Maholo ake ndi aakulu kuposa msika wa pa boma. Kwina kuli masikirini aakulu ngati khoma la tchalitchi, anyamata ndi atsikana akupikisana pa gemu, khamu likukuwa ngati kuli Bullets ndi Wanderers. Kwina kuli mzere wa matebulo omwe amautcha Artist Alley, pomwe ojambula amagulitsa zithunzi ndi timabuku tawo, ndipo umatha kucheza nawo maso ndi maso. Kwina anthu ali pamzere kudikira kujambulitsa ndi akatswiri a m'mafilimu. Kwina ana aang'ono akusewera, makolo ali pambali ndi tchipisi.

Ndiye pali zovala. Kuvala ngati munthu wa m'katuni, m'filimu kapena m'gemu amati cosplay, mawu omwe anapangidwa ku Japan m'zaka za m'ma 1980. Ndinaona bambo wa imvi atavala ngati Goku wa mu Dragon Ball, mwana wake ali paphewa. Ndinaona atsikana atatu atanyamula malupanga aatali kuposa iwo eni, koma utawagwira unali thovu lopakidwa penti. Lamulo lake ndinaliphunzira msanga: usanajambule munthu umayamba wapempha, ndipo chovala chake sugwira popanda chilolezo.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri si zovalazo. Achimwene anga ndi munthu wofatsa, woyenda choweramitsa mutu monga amachitira alendo ambiri m'dziko la eni. Tsiku limenelo anthu osawadziwa, akuda ndi azungu omwe, ankawaimitsa n'kumati "Itachi! Tijambule nawo!" Palibe anawafunsa kuti kwanu n'kuti, mapepala muli nawo kapena ayi, mumagwira ntchito yanji. Kwa maola asanu ndi limodzi sanali Mmalawi wa kukhitchini. Ndinawaona akuseka mpaka mano onse pamtunda, kuseka komwe ndinakuona komaliza adada ali moyo.

Tinazidziwira kwathu komwe

Ena amaganiza kuti zinthu izi achinyamata amakaziphunzira kunja. Ayi ndithu. Ife tinazidziwira ku Mzimba komweko.

Amene munakulira pa boma kapena pa Jenda mukukumbukira mavidiyo sho: kachipinda kamdima, mabenchi a mapulanga, sipika panja ikukuwa kuti anthu adziwe kuti filimu yayamba. Mukukumbukira mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, DJ akuyankhula m'malo mwa Mtchaina ndi Mmwenye yemwe, n'kumaonjezeramo nthabwala zake. Kenako kunabwera timashopu toikira nyimbo ndi mafilimu pa memory card, ndipo makatuni a ku Japan analowera pomwepo. Wina akabwera ndi zigawo khumi za Naruto, sabata isanathe zafika m'mafoni a kalasi yonse.

Kunabweranso timashopu ta PlayStation, tomwe mpaka lero tilipo pafupifupi pamalo ochitira malonda aliwonse omwe pali magetsi kapena sola. Mapadi awiri otha mabatani, TV imodzi, anyamata khumi kudikira. Woluza amalipira, wopambana amakhalabe pampando. Gemu ya mpira yomwe tonse timangoitchula kuti FIFA inasintha dzina mu 2023 kukhala EA Sports FC, koma pitani pa shopu iliyonse mukamve ngati alipo wasintha kutchula. Magetsi akazima pakati pa gemu pamabuka mlandu woposa wa malire a munda.

Ine monga mwana wamkazi sindinkaloledwa kulowa m'malo amenewo. Mtsikana wopezeka mu vidiyo sho ankatchedwa mayina. Choncho achimwene ankapita okha, akabwera n'kudzandifotokozera zonse tikukonola chimanga, akusintha mawu, akudumpha, akuonetsa mmene wina anamenyera mnzake. Naruto ndinayamba kumumva ndi makutu ndisanamuone ndi maso. N'chifukwa chake ku Nasrec nditaona atsikana atakhala pampando wa mpikisano, mahedifoni kumutu, akugonjetsa anyamata, ndinaima nthawi yaitali osafuna kuchoka.

Chifukwa chiyani Itachi?

Naruto ndi nkhani yomwe analemba ndi kujambula Masashi Kishimoto. Inatuluka m'magazini ku Japan kuyambira 1999 mpaka 2014, mitu 700. M'nkhaniyo muli gulu la zigawenga lotchedwa Akatsuki, dzina lomwe tanthauzo lake ndi mbandakucha, ndipo yunifolomu yawo ndi mkanjo wakuda wa mitambo yofiira uja. Mmodzi mwa iwo ndi Itachi, wa maso ofiira.

Sindikubisirani, nkhani ya Itachi ili ndi magazi. Anachita zoopsa kwa abale ake, anathawa kwawo, ndipo mng'ono wake Sasuke anakula akumuda. Koma Itachi atamwalira m'pamene mng'onoyo anadziwa kuti mkulu wake anasenza mlandu ndi dzina loipa pofuna kuti mudzi usalowe m'nkhondo ndiponso kuti iyeyo akhale ndi moyo. Ndi mwana woyamba amene anapita kutali, namalola kuti kwawo azimunena.

Usiku umenewo, mauthenga akulowabe, ndinawafunsa achimwene chifukwa chake anasankha ameneyo. Anangoseka, n'kupitiriza kuchotsa timagalasi tofiira tija m'maso. Ndi timagalasi tating'ono tofewa toika pa diso penipeni, ma contact lens, ndipo akachotsa amatisunga m'kabotolo ka madzi ake. Atatichotsa, maso anali awo omwe aja, otopa. Sanandiyankhe, ndipo sindinafunsenso.

Mkanjowo sanagule wosokasoka. Anagula nsalu yakuda, mitambo anadula pa nsalu ina yofiira, telala wina wa kwathu konkuno amene amasokera ku Joni n'kuwalumikizira. Ndalama ya matikiti anaisunga pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo, osadumphitsa ngakhale mwezi umodzi kutumiza ya kumudzi. Izi ndikuzidziwa chifukwa ndalamazo zinkadzera pafoni yanga.

Bwalo la pakhonde

Nditabwerera kumudzi ndinapeza mlandu ukundidikira. Tinakhala pakhonde: amama, ankhazi, amalume omwe timati asibweni, ndi agogo aamuna, asekulu athu, ali pampando wawo wa ndalema.

Milandu inali iwiri. Woyamba unali wa ankhazi. Kwathu mwana wa ku Joni akamanga nyumba msanga, mphekesera siichedwa: walowa zamagazi, wapereka m'bale. Anthu ena kutchalitchi anali ataona kale chithunzicho, ndipo amama anali atasiya kupita kumsonkhano wa amayi chifukwa cha manyazi. Izi si zoseketsa. Mbiri yotere ikamera pamudzi imatha kuthetsa chibwenzi, kuthamangitsa nkhalamba, ngakhale kuwotchetsa nyumba.

Wachiwiri unali wa asibweni, ndipo unali wozizira koma wolasa. "Munthu wamkulu, wa ndevu zake, kuwononga ndalama pa zidole? Ndalama imeneyo sikanagula thumba la simenti?"

Ndinatulutsa foni. Ndinaonetsa ankhazi vidiyo ya achimwene akuchotsa timagalasi tija, diso limodzi lofiira, lina labwinobwino. Ndinawaonetsa katuni yeniyeniyo, kuti aone kuti munthuyo ndi wojambula pamanja. Ndinawaonetsa zithunzi za ana, makolo ndi agogo omwe anali kumeneko. Ankhazi anayang'anitsitsa, n'kufunsa ngati timagalasito sitipweteka. Ndinadziwa kuti mlandu woyamba wayamba kutha.

Kenako ndinalakwitsa. Pofuna kupambana msanga ndinati, "Nanga si ifenso ku Hora timavala zikopa ndi nthenga pa Umthetho?"

Asekulu anadzuka pampando. Umthetho ndi mwambo womwe Angoni a ku Mzimba amasonkhana m'mwezi wa August patsinde pa phiri la Hora, pamaso pa Inkosi ya Makosi M'mbelwa. Iwo sanaphonyepo pamene miyendo inali ndi mphamvu. Anandiuza mosapsatira kuti ndisadzayerekezenso. "Ine ndikanyamula chishango n'kuvina ingoma sindikuyerekeza kukhala munthu wina. Ndikuonetsa chimene ndili. Zimenezo si masewera."

Ndinapepesa. Anakhala chete pang'ono, kenako anayamba kuseka okha. Anati ngati ndikufuna chofanana nacho, ndiyang'ane mganda ndi malipenga. Magule amenewo anayamba potsanzira perete wa asilikali a atsamunda. Amuna akuluakulu amavala zoyera zositidwa bwino, masokosi ofika m'mawondo, wina n'kukhala mfumu ya gululo, wina kaputeni, wina dokotala, pomwe mawa lake onse ali kumunda ndi khasu. "Kodi amene uja amavala ngati dokotala pa malipenga anabayapo munthu jakisoni?"

Anatikumbutsanso kuti iwo ali kumigodi, Lamulungu linali tsiku la magule m'makomponi. Sabata yonse pansi pa nthaka, tsiku limodzi lovina. Anati munthu amene sapuma tsiku limodzi amabwera kumudzi ali chitsiru kapena ali m'bokosi. Kenako anatembenukira kwa asibweni. "Funso ndi limodzi. Akavula mkanjowo amakhala ndani? Ngati ali yemwe uja wotumiza feteleza, ndiye kuti ndi nsalu chabe."

Asibweni sanavomere kuti agonja, ndipo mpaka lero amati ndi zachibwana. Koma Lachinayi lotsatira amama anapita kumsonkhano wa amayi, foni yanga ili m'chikwama.

Zimene ndinatolapo

Choyamba n'chakuti abale athu a ku Joni tawasandutsa mabanki. Tikawaimbira, moni ndi wa mphindi imodzi, zotsalazo ndi mndandanda wa mavuto. Sitifunsa kuti amaseka ndi ndani, Lamulungu amapita kuti, chimawasangalatsa n'chiyani. Tikaona chithunzi chawo akusangalala timayamba kuwerengera kuti ndalama imeneyo ikanatichitira chiyani ife. Ineyo amene ndikulemba pano ndinadya thukuta la munthu kwa zaka zambiri osadziwa kuti amakonda chiyani. Munthu amene akusenza banja ali ndi ufulu wa tsiku limodzi lokhala mwana.

Chachiwiri n'chakuti mawu akuti "zausatana" timawatulutsa msanga kwambiri. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma nafenso achinyamata tili ndi mbali yathu. Timaika zinthu pa status osaganiza kuti agogo akaziona amva bwanji, ndiye akadabwa timawaseka kuti ndi otsalira. Amama sanakulire pa Naruto. Munthu woona koyamba mwana wake ali ndi maso ofiira ali ndi chifukwa chochitira mantha. Kufotokoza kunanditengera mphindi makumi awiri zokha. Ndikanafotokoza ndisanaike chithunzicho, amama sakanagona ndi misozi sabata ziwiri.

Chachitatu, tisanamizane kuti zonse zili bwino. Nkhawa za makolo zina n'zoona. Alipo ana amene amathawa m'kalasi kukakhala pa shopu ya gemu, ndalama ya makope n'kuthera pomwepo. Alipo anzathu amene bandulo ya Free Fire kapena PUBG amaiona yofunika kuposa sopo. Pena gemu ya FIFA imasanduka juga, ndipo kuchoka apo kupita ku kubetcha kwa pafoni ndi sitepe imodzi. Komanso si katuni iliyonse yomwe ndi ya ana. Ku Japan anime amapangira misinkhu yonse, ndipo ina ili ndi nkhanza kapena zolaula zoti mwana wa Sitandade 4 sayenera kuona. Inu amene mumaika mafilimu m'foni ya mng'ono wanu, yambani mwaonera nokha. Chida chake si kuletsa zonse, koma kudziwa chimene chili m'fonimo ndi nthawi imene chikudya.

Nanga nkhani zathu?

Pa matebulo a ojambula aja ndinaona timabuku ta achinyamata a ku South Africa ndi maiko ena a mu Africa, anthu ake akhungu ngati lathu, mayina ake achiafrika. Ndinayenda mzere wonse ndikudzifunsa kuti nkhani za kwathu zidzafika liti patebulo ngati limeneli.

Si zosatheka. Chaka chomwecho cha 2023, Netflix inatulutsa Supa Team 4, katuni ya atsikana anayi a ku Lusaka opulumutsa mzinda wawo, yomwe anaiyambitsa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia. Kuchokera pa Jenda, Zambia ndi yongoponda. A ku Japan nawo anatenga kale nkhani ya munthu wa kuno: Yasuke, Mwafrika amene anafika ku Japan mu 1579 n'kudzatumikira mtsogoleri wankhondo Oda Nobunaga. Olemba mbiri ambiri amaganiza kuti anachokera cha ku Mozambique. Mu 2021 anamupangira anime, ndipo mu 2025 anaoneka m'gemu ya Assassin's Creed Shadows.

Tsono taganizani za ife a ku Mzimba. Mu November 1835, Zwangendaba ndi anthu ake akuwoloka Zambezi, dzuwa linadetsedwa masana, mdima n'kugwa. Mtundu wonse uli paulendo, ana kumsana, ng'ombe m'madzi, kumwamba kwada. Ulendowo unakafika mpaka ku Ufipa m'dziko lomwe pano ndi Tanzania, ana ake n'kudzagawikana, ena n'kubwerera kudzakhazikika kuno. Ndiuzeni ngati Kishimoto akanaisiya nkhani yotere. Ndipo ojambula tili nawo. M'kalasi iliyonse yomwe ndinaphunziramo munali mnyamata kapena mtsikana amene kumapeto kwa kope lake kunali kodzaza ndi zithunzi za Goku. Ambiri anakwapulidwa chifukwa cha zimenezo. Sindikudziwa ngati alipo amene anafunsidwapo kuti ajambule Zwangendaba.

Ngati mukufuna kukaona nokha

Amene muli ku Joni kapena muli ndi ulendo, nazi zochepa zomwe ndinaphunzira. Masiku a msonkhanowu amasintha chaka ndi chaka, choncho onani patsamba lawo musanagule tikiti ya basi. Tikiti yolowera gulani pa intaneti nthawi ikadalipo, ndipo tsiku limodzi ndi lokwanira kwa woyamba kumene. Yendani ndi pasipoti yeniyeni ndipo musapitirire masiku omwe akudindirani pachipata. Valani nsapato zoyendera, tchajani foni, ndipo ikani malire a ndalama musanalowe, chifukwa m'katimo chilichonse chimakuitana ndi dzina. Kuvala cosplay si lamulo, ambiri amangobwera ndi jinzi ndi T-shirt. Mukafuna kuvala, kaunjika ndi telala wa pamsika akukwanirani. Za timagalasi ta m'maso samalani: musabwerekane, musagone nato, ndipo diso likayamba kuwawa chotsani.

Koma ambiri a ife ku Nasrec sitidzafikako, makamaka mmene kwacha yagwera. Ndiye tidikire? Nditachotsa magetsi owala ndi masikirini aakulu, chomwe chinatsala m'mutu mwanga ndi chinthu chophweka: anthu okonda chinthu chimodzi anapezana pamalo amodzi, masana, poyera, makolo ali pomwepo. Zimenezo sizifuna Johannesburg. Zifuna holo ya sukulu kapena ya tchalitchi, chilolezo cha eni ake ndi cha mfumu, ma TV awiri, jenereta yobwereka, mpikisano wa FIFA wopanda kubetcha, ndi tebulo limodzi loti ana ojambula aikepo zithunzi zawo. Atsikana akhale ndi mpando pa gemu, osati pa khomo potolera ndalama pokha. Ndipo oyamba kuitanidwa akhale makolo, kuti adzaone ndi maso awo, asadzamvere kwa msuweni wa foni.

Achimwene anabwera pa Khirisimasi chaka chathachi. M'chikwama munali shuga, mafuta ophikira, nsapato za amama ndi mkanjo uja. Ankhazi anaugwira, anautembenuza, anayang'ana msoko, n'kunena kuti telalayo anawabera chifukwa mpendero wake ndi wokhota. Madzulo ake asekulu anauvala pamwamba pa jekete yawo n'kukhala nawo pakhonde, akuti umatchinga mphepo.

Ndinawajambula. Koma ulendo uno ndinayamba ndapempha, ndipo pa status sindinaike.

Mlungu uno muimbireni m'bale wanu amene ali kutali. Musatchule feteleza. Mufunseni kuti Lamulungu lapitali anachita chiyani.